NKHOKWE YOPANDA CHIMANGA: NCHITO YA MTHANDIZI M'NYUMBA YOSUNGIRAMO ZINTHU ZAKALE

Nkhani imene Mlangizi wa Malimidwe anakamba pa wailesi m'nthawi ya alimi ndi mafumu

  M'masabata apitawa takhala tikukambirana za kasungidwe ka dzinthu: kuumitsa chimanga, kutonola, kupeta ndi kumanga bwino matumba. Lero ndifuna tikambe za nkhokwe ya mtundu wina, m'mene simusungidwa chimanga kapena mtedza, koma makasu akale, mbiya, ng'oma, mauta ndi zina zimene makolo athu anatisiyira. Nkhokwe imeneyi ndiyo nyumba yosungiramo zinthu zakale, imene anthu a m'tauni aitcha myuziyamu. Makamaka ndifuna kukuuzani za munthu mmodzi wa m'menemo amene satchulidwa kawirikawiri, ndiye mthandizi, wogwira nchito pansi pa mkulu woyang'anira nyumbayo.

Kapena wina pakati panu ali kufunsa kuti, kodi zotere zam'khudza bwanji mlangizi wa malimidwe? Zandikhudza pa zifukwa ziwiri. Choyamba, zinthu zakale zambiri zituluka m'nthaka ndi khasu la mlimi, ndipo woyamba kuuzidwa ndi mwini mudzi. Chachiwiri, adani amene mthandiziyo alimbana nao tsiku ndi tsiku ndi omwewo amene inu ndi ine tilimbana nao pa nkhokwe. Chotero nkhaniyi ndi yathu tonse.

Chaka china, ndili kuyendera minda m'mudzi wina wa m'dera langa, ndinapeza bambo wina amene pokumba mlambala anagunda mbiya yathunthu m'nthaka. M'kati mwake munali mikanda pang'ono, ndipo pambali pake panali makala ndi phulusa. Bamboyo sanachite ndi mtima woipa iai. Anaizula mbiyayo, mai a kunyumba anaikwecha bwino ndi mchenga, ana anagawana mikanda ija, makala anamwazika m'munda. Mbiya inasanduka chomwera nkhuku kufikira tsiku limene mbuzi inaiponda. Ine ndinaona zonsezi osanena kanthu, pakuti nthawi imeneyo sindinadziwe kuti pataika chinthu. Pambuyo pake ndinafotokozera mnzanga wina amene tinali naye ku sekondale, amene agwira nchito ya uthandizi m'nyumba ina yotere. Iye anapukusa mutu, nandiuza kuti mbiyayo siinamuwawe kwambiri. Chimene chinamuwawa ndi makala aja, ndiponso kuti panalibe wolemba malowo ndi kuya kwa dzenje. Kuyambira pamenepo ndinayamba kumfunsa za nchito yake, ndipo zimene ndinaphunzira ndizo ndakutengerani lero.

NYUMBA ZIMENEZI ZILI KUTI?

Muno m'Malawi lamulo lokhazikitsa nyumba yotere linapangidwa m'chaka cha 1957, dziko lino likali kutchedwa Nyasaland. Zinthu zoyamba zinaonetsedwa ku Mandala mu Blantyre m'chaka cha 1960, ndipo m'chaka cha 1966 inatsegulidwa nyumba ya ku Chichiri mu mzinda womwewo. Ziliponso zina ku Mangochi, ku Mzuzu ndi ku Karonga. Ya ku Karonga inatsegulidwa m'chaka cha 2004, ndipo m'menemo muli chifaniziro cha mafupa a chinyama chachikulu chakalekale chotchedwa Malawisaurus, chimene mafupa ake anakumbidwa m'boma lomwelo. Ku Mua, m'boma la Dedza, kuli nyumba ya Chamare yofotokoza miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao.

M'nyumba yotere mukhala mkulu woyang'anira, munthu wa maphunziro apamwamba, amene aganiza zoyenera kusonkhanitsa ndi zoyenera kuonetsa. Koma mfumu siyenda yokha popanda nduna. Mthandizi ndiye maso ndi manja a mkuluyo. Ndiye alandira zinthu, nazilemba, naziyang'anira m'mosungira, nakonza poonetsera, nalandira alendo. Dziwaninso kuti zimene mlendo aona m'magalasi ndi zochepa. Zambiri zikhala m'zipinda za kumbuyo, ndipo nchito yaikulu ya mthandizi ili kumeneko, kumene anthu saona.

KULEMBA M'KAUNDULA

Nchito yoyamba, imenenso ili yaikulu koposa zonse, ndiyo kulemba. Tinene kuti munthu wabweretsa khasu lakale. Mthandizi sangolandira ndi kuthokoza iai. Akhala pansi ndi mwini wake nafunsa: Kwanu khasu lotere mulitcha chiyani? Analisula ndani? Linali la yani? Linkalima munda, kapena linali loperekera ulemu kwa mfumu? Lachokera m'mudzi mwa yani, kwa mfumu yaikulu iti, m'boma liti? Mwalipereka ngati mphatso, kapena mwangotibwereka? Mayankho onse alembedwa m'buku lalikulu la kaundula, ndi inki yosafufutika, pamodzi ndi tsiku.

Atatero, apatsa chinthucho nambala yakeyake, imene siidzapatsidwanso kwa china. Nyumba zambiri zitsata njira iyi: poyamba chaka, kenaka nambala ya katundu amene anabwera pamodzi, potsiriza nambala ya chinthucho. Chotero 2024.7.3 itanthauza chinthu chachitatu cha katundu wachisanu ndi chiwiri wolandiridwa m'chaka cha 2024. Nambalayi ailemba ndi tizilembo tating'ono pamalo pobisika, mwa njira yakuti ingachotsedwe osaononga chinthucho. Ikakhala nsalu, asokerera kansalu kolembedwa. Kenaka ayeza utali ndi kulemera kwake, ajambula chithunzi, alemba ming'alu imene chafika nayo, nalembanso chipinda ndi shelefu pamene chaikidwa. Masiku ano zonsezi zilowanso m'kompyuta.

Mwina muti, kubvutika konseku nchifukwa ninji? Taganizani za mlimi amene wasakaniza mbeu za chimanga za mitundu itatu m'thumba limodzi lopanda dzina. Mbeuyo ilipo ndithu, koma sadziwa yocha msanga ndi yochedwa. Chinthu chakale chili chimodzimodzi. Khasu lopanda mbiri ndi chitsulo cha dzimbiri chabe. Koma khasu lomwelo likadziwika kuti analisula Aphoka a ku mapiri a ku Rumphi, amene anatchuka ndi kuyenga chitsulo, lasanduka mboni yakuti makolo athu ankadzipangira okha zida zolimira sitolo zisanabwere.

Mthandizi wanzeru asamala kaundula ngati mwana wakhanda, naonetsetsa kuti zolembedwamo zasungidwanso kwina. M'mwezi wa Seputembala 2018 moto unatentha nyumba yaikulu yosungiramo zakale ku Rio de Janeiro, m'dziko la Brazil, m'mene munali zinthu pafupifupi 20 miliyoni, ndipo zambiri zinapsa usiku umodzi. Tsoka lotere likagwa, chotsala ndi zolemba ndi zithunzi zimene zinasungidwa kunja kwa nyumbayo.

ADANI A NKHOKWE

Tsono tifike pa nkhani imene inu muidziwa koposa ine. Zinthu zambiri za makolo athu zinapangidwa ndi mtengo, nsungwi, mlaza, chikopa, nthenga ndi khungwa. Zonsezi ndi chakudya cha tizirombo. Chiswe chilowera pansi, njenjete zidya nsalu ndi nthenga, tizirombo toboola mitengo tisandutsa mtondo ufa, makoswe adya chikopa cha ng'oma. Ngakhale nankafumbwe wamkulu uja, amene anafika m'dziko muno kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1990, mwaona nokha kuti salekera pa chimanga. Aboola ndi mitengo ya nkhokwe yomwe. Pamwamba pa izi pali chinyezi, chimene chibweretsa chuku pa dengu ndi dzimbiri pa chitsulo. Palinso dzuwa, limene lichititsa nsalu ndi nthenga kusuluka.

Chifukwa chake m'mawa, alendo asanafike, mthandizi ayendera zipinda monga mlimi ayendera nkhokwe yake. Ayang'ana pansi pa zinthu za mtengo ngati pagwa kaufa, pakuti kaufako ndi chizindikiro chakuti m'kati muli mdani. Paja akulu anati chikomekome cha nkuyu, m'kati muli nyerere. Ayang'ana timisampha ta ulimbo toikidwa m'mbali mwa khoma, nawerenga tizirombo togwidwapo, nalemba. Aona denga ngati lidontha, naonanso kachipangizo koyeza chinyezi. Chimene aopa kwambiri ndi chinyezi chokwera ndi kutsika mwadzidzidzi, pakuti mtengo ukamatupa lero, mawa nkuuma, pomaliza ung'ambika.

Chinthu chatsopano sichilowa msanga pakati pa zinzake. Chiyamba chakhala pachokha masiku angapo, monga tikulangizani kuchita ndi nkhuku kapena mbuzi yogula kumsika. Chikapezeka ndi tizirombo, pali njira ziwiri zimene nyumba zotere zikonda masiku ano. Ina ndiyo kuchikulunga m'pulasitiki ndi kuchiika m'firiji yozizira kwambiri, madigiri 20 pansi pa ziro, kwa sabata imodzi kapena ziwiri. Inzake ndiyo kuchitsekera m'thumba ndi kuchotsamo mpweya umene tizirombo tipuma, kufikira titafa tokha. Nzeru yake ndi yomweyo ya matumba a PICS, amene ambiri a inu musungiramo chimanga popanda mankhwala. Kale ankathira mankhwala aukali monga DDT, koma anadzaona kuti mankhwalawo atsalira pa chinthucho zaka zambiri, ndipo angadwalitse ochigwira. Nchifukwa chake mthandizi abvala magolovesi pogwira zinthu zimene zakhalitsa m'mosungira, nasamba m'manja akatha.

Ndiponso pali mdani wina amene sitim'ganizira, ndiye dzanja la munthu. Zinthu zambiri zisweka ponyamula. Mthandizi aphunzitsidwa kuti mbiya sainyamulira kukamwa, koma aigwira kumunsi ndi manja awiri. Ndipo asananyamule ayamba waona njira ndi malo amene akaiike. Chitsulo sachigwira ndi dzanja la thukuta, pakuti thukuta lili ndi mchere wobala dzimbiri. Chinthu chakale sachitsuka ndi sopo, sachipaka penti kuti chioneke chatsopano, sachimata ndi guluu wamba. Fumbi alichotsa ndi kaburashi kofewa. Ngakhale mwaye wa pa mphika ndi makoko a m'kati mwake sazipala, pakuti zimenezo zingauze akatswiri chakudya chimene chinkaphikidwamo.

KULANDIRA ALENDO

Zitseko zikatsegulidwa, mthandizi asanduka mphunzitsi. Abwera ana a sukulu, abwera alendo a maiko akunja, abweranso anthu akulu ochokera kumidzi. Alipo ana ambiri a m'tauni amene sanaonepo mphero, ndipo sadziwa kuti chigayo chisanabwere agogo ao ankapera mawere pa mwala. Mthandizi ayenera kuwafotokozera m'chinenero chimene akumva, mofatsa, ngakhale funso lomwelo alifunsidwe kakhumi pa tsiku. Chimene sadziwa asapeke. Ndi bwino kunena kuti akafunsa. Nthawi zina nkhalamba yodzacheza ndiyo im'konza, nimuuza kuti dzina lolembedwa pa msampha wakutiwakuti si limene eni ake autchula. Mthandizi wabwino sakwiya iai. Atenga cholembera nalemba, pakuti tsiku limenelo kaundula walemera.

Ali kuphunzitsa chomwecho, maso ake ali kuyang'ananso manja a alendo, kuti wina asakhudze kapena kusolola kanthu. Madzulo, asanatseke, aona ngati chilichonse chili pamalo pake.

KUMIDZI NDI KOKUMBA

Nthawi zina mthandizi aperekeza mkulu wake kumidzi. Kumeneko ayamba kwa mfumu, monga mwa mwambo, nafotokoza chimene adzera. Akhala pansi ndi akuluakulu nalemba mau ao. Salanda chinthu cha munthu, ndipo sakakamiza. Adziwa kuti zilipo zinthu zina, monga za kudambwe, za kukachisi ndi za kumanda, zimene eni mwambo okha ndiwo anganene ngati zingaonetsedwe kapena iai. Gule Wamkulu analemekezedwa ndi bungwe la UNESCO m'chaka cha 2005 monga chuma cha anthu onse a pa dziko, koma ulemu umenewo sunachotse mphamvu ya eni dambwe pa zinsinsi zao.

Akapita kokumba pa bwinja lakale, sakumba monga tikumbira chimbudzi. Amanga zingwe kupanga timabwalo ta mbali zinai zofanana, napala dothi pang'onopang'ono ndi kachitsulo konga ka omanga nyumba, nasefa dothi lonse. Inu alimi mudziwa kuti nthaka ili ndi miyalo: yakuda pamwamba, ina pansi pake. Pamalo posasokonezedwa, chimene chili pansi ndi chakale kuposa cha pamwamba. Chotero zopezeka m'myalo uliwonse zilowa m'thumba lakelake, ndi kapepala konena malo ndi kuya kwake. Kulemba timapepalato ndi kulongeza matumba ndi nchito ya mthandizi. Akasokoneza, thukuta la gulu lonse lapita pachabe.

Tsono mverani za makala aja. Mtengo uliwonse ukali moyo utenga mu mpweya kanthu kena kosaoneka kotchedwa kaboni 14. Mtengowo ukafa, kanthuko kayamba kuchepa pa liwiro lodziwika: theka lake litha pa zaka 5,730. Akatswiri akayeza kotsala m'makala, adziwa zaka zimene zapita chidulireni mtengowo, ndipo potero adziwanso msinkhu wa mbiya imene inakwiririka pamodzi ndi makalawo. Mwaona tsono chimene mnzanga uja anadandaulira.

Kusamala kotere kwatiphunzitsa zambiri. Ku Mankhamba, pafupi ndi Mtakataka m'boma la Dedza, kumene kunali likulu la Kalonga, Dr Yusuf Juwayeyi ndi om'thandiza anakumba napeza mapale ambiri, mikanda ya galasi, zinthu za mkuwa, minyanga ya njobvu, ndi zidutswa za mbale zochokera ku China. Zimenezi zichitira umboni kuti Amaravi ankachita malonda ofika kutali zaka mazana apitawo. Ku Uraha, m'boma la Karonga, m'chaka cha 1991 kunapezeka chibwano cha munthu wakalekale, cha zaka zoposa 2 miliyoni. Munthu wosadziwa akanachiyesa mwala wamba, nkuchiponda nkupitirira.

NCHITOYI IYENERA YANI?

Inu makolo amene muli ndi ana m'sukulu, mverani apa. Wofuna nchito imeneyi ayenera kutsiriza sekondale, akhale wolemba zooneka bwino, wodziwa Chichewa ndi Chingerezi. Akadziwanso Chitumbuka, Chiyao, Chilomwe kapena chinenero china cha kuno, ndiye bwino koposa. Kudziwa kompyuta ndi kujambula zithunzi kuthandiza, monganso luso la ukalipentala, pakuti mabokosi ndi zoimikira zinthu zifuna munthu wa manja. Koma zazikulu ndi ziwiri. Choyamba kukhulupirika, pakuti makiyi a chuma cha mtundu akhala m'thumba mwake. Chachiwiri kudekha, pakuti angathe tsiku lathunthu ali kuwerenga mapale. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Sindikunamizani: malo a nchito imeneyi ndi ochepa, ndipo si nchito yolemeretsa munthu. Koma ena amene ayamba ngati athandizi apitiriza maphunziro nadzakhala oyang'anira. Ndipo mwana wa kumudzi asadzione wochepa, pakuti iye ali kale ndi chimene mnzake wa m'tauni achifuna m'mabuku. Adziwa kusiyana kwa lichero ndi nsengwa, kwa mtsuko ndi nkhali. Adziwa kukhala pamaso pa mfumu ndi kufunsa nkhalamba mwaulemu. Ayambe lero lomwe: atenge kope, akhale pansi ndi agogo ake, alembe maina ndi mbiri ya zipangizo zakale za pa khomo.

PEMPHO KWA ALIMI NDI MAFUMU

Mthandizi angakhale waluso chotani, sangabweze chimene chaonongeka kumunda. Chifukwa chake ndikupemphani zinthu izi.

1. Mukapeza mbiya yokwiririka, mapale ambiri pamalo amodzi, mikanda, zida za mwala kapena mafupa achilendo, lekani kukumba. Musazule, musatsuke, musataye makala. Bwezeranipo dothi pang'ono, ikani chizindikiro, ndipo uzani a mfumu. A mfumu atumize mau kwa Bwana D.C., kapena auze mlangizi wa m'dera lanu, kuti uthenga ufike ku nthambi ya Boma yoyang'anira zinthu zakale. Akakhala mafupa a munthu, apolisi adziwenso. Chitani chimodzimodzi ndi mwala wogwa kuchokera kumwamba, wonga uja wa makilogalamu 93 umene unagwa m'boma la Machinga mu Januwale 1981.

2. Musagulitse zinthu zakale kwa anthu ongodutsa. Lamulo la dziko liletsa kutulutsa zinthu zotere kunja popanda chilolezo cha Boma. Ndalama ya wogulayo itha pa sabata, koma chinthucho sichidzabweranso.

3. Tetezani mapanga a zojambula ndi ng'anjo zakale. Ku Chongoni, m'boma la Dedza, kuli malo 127 a zojambula za pa miyala, zina za Akafula, zina za Achewa, ndipo m'chaka cha 2006 malowo analembedwa m'kaundula wa UNESCO. Letsani abusa a ziweto kusonkha moto m'mapanga otere, letsaninso ana kulembapo maina ao ndi makala. Ng'anjo zoyengera chitsulo, zonga zija zopezeka ku Kasungu, musazigumule pofuna kukuza munda.

4. Zinthu za makolo zimene zili m'nyumba mwanu zisungeni pouma, pamwamba, kutali ndi chiswe. Simuli okakamizidwa kuzipereka. Koma uzani ana mbiri yake mukali moyo, ndipo wodziwa kulemba alembe.

Anzanga, tonse tidziwa kuti banja losasamala nkhokwe ligona ndi njala mwezi wa Febuluwale. Chimanga chikafumbwa, chaka chamawa tidzalima china. Koma mbiya ya makolo ikasweka ndipo mbiri yake ikataika, palibe munda umene tingakakololemo ina. Madzi akataika saoleka. Mukapita ku Blantyre, ku Mangochi, ku Mzuzu kapena ku Karonga, patukirani m'nyumba zimenezi pamodzi ndi ana anu, ndipo mukam'peza mthandizi mum'patse moni, mumuuzeko zimene mudziwa.

Sabata yamawa, nthawi yomwe ino, tidzabwerera ku nkhani zathu za kumunda, ndipo tidzakamba za kupanga manyowa mvula isanagwe.